Ana athu athawa pabalaza: makatuni a ku Japan kuno ku Harare, kwathu ku Malawi ndi kwa anansi

Makolo ambiri olankhula Chichewa kuno ku Harare ali ndi dandaulo limodzi, kaya ndi ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa. TV ili chiyakire pabalaza, koma mwana wadzitsekera kuchipinda, maso ali pa foni, akuonera zimene makolowo amati zidole. Mnyamata wa Fomu 6, ndevu zayamba kale kumera, misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha munthu wochita kujambula. Ine pa mlandu umenewu ndili mbali ya ana. Makatuni a ku Japan amenewa, anime, awapatsa chinthu chimene mawailesi a kanema a mayiko athu anawamana kwa zaka zambiri, ndipo dziko lililonse m'chigawo chino linawamana mwa njira yakeyake.

Tiyambire pa mmene kanema anafikira. Zimbabwe inatsogola kwambiri, chifukwa TV inayamba kuno mu 1960, dziko likadali Southern Rhodesia. Ku Zambia inayamba mu 1961, ku Kitwe. South Africa, ndi chuma chake chonse chija, inadikira mpaka 1976. Kwathu ku Malawi ndiye kunali zii nthawi yonse ya Kamuzu, mpaka Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, a Bakili Muluzi ali pampando. Mwana wa ku Highfield amene anakula akuseka sewero la Mukadota pa ZBC, TV ya boma ya kuno, anali ndi msuweni wake ku Ntcheu amene masewero ankangowamva ndi khutu pa MBC.

Koma kulawira sikufika. Kuno anthu anakhala zaka pafupifupi 60 akudalira nyumba imodzi youlutsira zithunzi, ndipo ziphaso za ma TV atsopano zinadzaperekedwa mu 2020. Malawi, amene anachedwa uja, lero ali ndi Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ndi ena pambali pa MBC. Komabe khalani tsiku lathunthu mukusinthasintha matchanelo, kaya ku Blantyre, ku Lusaka kapena kuno, muone zimene zikudutsa: nkhani, misonkhano ya ndale, ulaliki, nyimbo, mpira, akuluakulu atakhala pa sofa kukambirana za chitukuko, kenako usiku sewero la banja limene likulimbirana chuma cha malemu. Kamwana ka zaka 5 kamapatsidwako kanthu m'mawa. Wa zaka 45 wapatsidwa usiku wonse. Nanga wa zaka 14 wapatsidwa chiyani? Palibe amene anamuganizira, kupatula pomulangiza za matenda ndi mimba zosayembekezera.

Anime analowa pa mpata umenewo, ndipo kuno analowera ku South Africa. Kumeneko anayamba kalekale: m'zaka zoyambirira za TV yawo anatenga Heidi, katuni ya ku Japan ya mu 1974, n'kuyimasulira m'Chiafrikaans, moti ana ambiri ankangoyesa ndi yakwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, SABC2, tchanelo cha TV ya boma ya kumeneko, inkaonetsa Dragon Ball Z. Nthawi imeneyo madenga a ku Mbare, ku Glen View ndi ku Chitungwiza anadzaza ndi madishi, pabalaza pali kadekoda ka Wiztech kogwira SABC mosalipira mwezi ndi mwezi. Makolo anagula kuti azionera masewero a Generations ndi Muvhango usiku, osadziwa kuti masana chinthu chomwecho chikulera ana awo ndi nkhani zochokera ku Tokyo. A ndalama zawo anali ndi Animax pa DStv, tchanelo cha anime chimene chinakhalapo kuyambira 2007 mpaka 2010. Mu 2013 mafunde a SABC anatsekedwa kwa oonera a kunja kwa South Africa, madekoda aja n'kusanduka zokongoletsera pa kabati. Koma njala inali italowa kale. Ana anasamukira pa fulashi, pa laputopu ya mkulu wawo wa ku koleji, kenako pa foni, ndipo pabalaza sanabwererenso.

Tsiku lina madzulo magetsi atazima ndinakhala pakhonde ndi mwana wa mchemwali wanga ku Mufakose. Foni yake, galasi losweka pakona, anaitsamiritsa pa chitini cha shuga, atailumikiza ku kanyali ka sola. Ankaonera Naruto, ulendo wachiwiri. Ndinamufunsa za munthu wina amene ankaoneka wankhanza, kuti ameneyu ndiye mfiti ya m'seweroli? Anaimitsa kanemayo, n'kundiyang'ana ngati ndalakwira m'bale wake.

"Ayi malume, musamuweruze msanga. Ameneyu sanabadwe woipa. Dikirani ndikuuzeni zimene anamuchita ali mwana."

Anandifotokozera kwa nthawi yaitali, mbiri ya mabanja, za nkhondo ya midzi, za amene anaphunzitsa yani. Mwana yemweyu aphunzitsi ake amati ndi wosayankhula m'kalasi. Kenako anabwerera kwa mwini nkhani, mnyamata wamasiye amene mudzi wonse unkamusala chifukwa cha chilombo chimene anamutsekera m'thupi tsiku lobadwa, iye osalakwa kanthu. "Amangofuna anthu avomere kuti nayenso ndi wa pamudzipo," anatero.

Ndinamumvetsa. Agogo ake a mwanayu anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito, monga anachitira anthu zikwizikwi m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ana awo anabadwira kuno, koma ambiri anakula ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC. Zaka zonsezo kunali mayina onyoza kusukulu, kunali kusekedwa kuti tilibe mitupo, ziwongo za Chishona. Sindinaonepo sewero la pa TV limene linatenga mwana wotereyu n'kumuika pakati pa nkhani ngati ngwazi. Mmalawi akaoneka, kawirikawiri amakhala wa m'munda kapena wophika wolankhula Chishona chokhotakhota kuti anthu aseke. Ndiye mwana wakapeza nkhani yake kwa wolemba wa ku Japan amene mwina Mufakose sanaimvepo n'komwe.

Pali zifukwa zimene nkhani zimenezi zimagwirira mtima chonchi, ndipo zili m'kapangidwe kake. Zambiri zimayamba ngati nkhani zojambula m'magazini otuluka sabata ndi sabata, monga Weekly Shonen Jump. Owerenga amatumiza maganizo awo kusankha nkhani zimene azikonda, ndipo imene ikutsalira m'mbuyo imadulidwa. Choncho wolemba amadziwa kuti bwana wake weniweni ndi mwana wa sukulu, ndipo akangomupeputsa ntchito yatha. Chinanso, nkhani imakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Eiichiro Oda wakhala akulemba One Piece kuyambira 1997, katuni yake inayamba mu 1999 ndipo inadutsa magawo 1,000 mu 2021, koma chinthu chimene chinatchulidwa mongodutsa zaka khumi zapitazo chimadzabweranso chili ndi tanthauzo. Woonera amamva kuti kukumbukira kwake kwalemekezedwa. Naruto, pamodzi ndi chigawo chake chachiwiri, ili ndi magawo 720, ndipo inatha. Mwana wamasiye uja anakula tikumuona, mphunzitsi wake anafa osabwezedwa, iye anakwatira, nkhani n'kufika pamapeto. Masewero a usiku aja alibe kumene akupita. Akaona kuti anthu ayamba kutopa amangobweretsa chibwenzi china, mwana wina wa kunja kwa banja, wilo ina yobisika.

Ndiye pali nkhani ya ndalama. Wopanga sewero kuno kapena ku Lilongwe ali ndi nyumba imodzi yobwereka, galimoto ya mnzake ndi kamera ziwiri, choncho nkhani yake imathera pabalaza ndi mu ofesi. Wojambula pa pepala akafuna mzinda woyandama m'mitambo amaujambula basi. Ndipo gawo limodzi limatenga mphindi pafupifupi 24, zimene zimakwanira bandulo yochepa, batire yotsala theka, ndi ulendo wa pa kombi kuchokera m'tauni kukafika ku Tafara. TV imafuna magetsi pa ola limene iyo yasankha, ndipo tonse tikudziwa mmene zimakhalira madzi akachepa ku Kariba, damu lopangira magetsi lija.

Ine ndimaona ngati anime wakhala pamalo pamene pankakhala agogo madzulo pamoto, akamati "padangotero" ife n'kumayankha "tili tonse". Nyama zolankhula, mizimu ya makolo, mwana wonyozeka amene akupulumutsa mudzi, wophunzira wogwadira mphunzitsi wake, zonsezi si zachilendo kwa mwana amene anaonapo gule wamkulu akutuluka ku Mbare kapena ku Epworth.

Sindikunena kuti zonse ndi zabwino. Alipo makatuni a ku Japan opangidwira akuluakulu okhaokha, odzaza magazi ndi zolaula, ndipo kholo limene likuganiza kuti chilichonse chojambulidwa ndi cha ana lili pangozi. Khalani naye mwanayo muonere limodzi gawo limodzi kapena awiri, mumufunse. Komanso achinyamata amene amajambula zithunzi zimenezi ku Japan ambiri amalandira ndalama zochepa pa ntchito ya usana ndi usiku, ndipo ife tikamapatsirana pa fulashi palibe kangachepe kamene kamawafika. Zimenezi zimandivuta mumtima, ngakhale ndikudziwa kuti kulipira makampani oonetsa makanema pa intaneti monga Crunchyroll kapena Netflix mwezi ndi mwezi si zimene banja la ku Dzivarasekwa lingaike patsogolo pa ufa ndi fizi.

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti Malawi anatiposa tonse. Chifukwa TV inachedwa, anthu anadzipangira njira yawo: nyumba zoonetsera mafilimu m'misika ndi m'makwalala, ku Ndirande, ku Kawale, ngakhale pa kamsika ka kumudzi. Mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, sipika panja ikukuwa kuitana anthu. Ndipo pamwamba pa mawu a filimu ya ku China, ku India kapena ku America pamamveka mawu a mnyamata akumasulira m'Chichewa, iye yekha akulankhulira amuna ndi akazi omwe, kufotokoza pamene pavuta, kuponyamo nthabwala, kuchenjeza kuti taonani akubwera kumbuyoko. Wa Sitandade 3 ndi wokwera kabaza amatsata nkhani mofanana, amaseka pamodzi, potuluka n'kumakangana za amene analakwa. Ndi ntchito yochitika popanda chilolezo cha eni mafilimu, inde, ndipo nthawi zina womasulira amapotoza nkhani. Koma luso lilipo, ndipo anthu anazolowera kuti nkhani ya kutali ingathe kumveka m'chilankhulo chawo.

Kuno ku Harare zinthu n'zosiyana. Anime amaonedwa ndi mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi, munthu ali yekha, zomvera m'makutu. Wowerenga mwachangu amasangalala ndipo Chingerezi chake chimakuladi, koma wowerenga pang'onopang'ono watsala, mayi watsala, agogo atsala. Nyumba imodzi, anthu asanu, aliyense ndi kagalasi kake. Ndipo Chichewa cha ana athu chikunka chichepa. Kusukulu ndi Chingerezi, pamsewu ndi Chishona, Chichewa amachimva pamaliro, kutchalitchi, kumzikiti, kapena agogo akakwiya. Malamulo a 2013 aja anachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, wailesi ya National FM imachiulutsa pa nthawi zake, koma chimene mwana amachikonda ndi mtima wonse sichimulankhula m'Chichewa ngakhale liwu limodzi.

Pa kupanga zathuzathu ndiye Malawi ali m'mbuyo. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a ku Lusaka yolembedwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Chaka chomwecho Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove a kuno anaonetsa Mukudzei pa Disney+, za mnyamata amene akupezeka mu Zimbabwe ina imene sinalamulidwepo ndi atsamunda. Ngakhale kale mu 2003 kuno ku Harare anthu anapanga filimu yathunthu ndi zidole za mawaya ndi zitini zotola. South Africa ili ndi makampani, ndalama ndi Comic Con Africa, chionetsero cha okonda makatuni ndi nkhani zojambula chimene chinayamba mu 2018. Amenewa si anime enieni, koma akutsimikiza kuti manja ojambula alipo m'chigawo chino.

Choncho a Zimbabwe, Zambia ndi South Africa ali ndi ojambula, a Malawi ali ndi mawu. Pempho langa likupita kwa eni ma TV a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Gulani chilolezo cha anime mmodzi yekha, wa magawo 12 kapena 13 monga amakhalira ambiri masiku ano, wa nkhani yoyenera banja lonse. Itanani anyamata ndi atsikana omasulira mafilimu aja, muwalipire bwino, aliyense atenge munthu wake m'nkhaniyo, mujambule mawu mu situdiyo yeniyeni. A Chiafrikaans anachita zimenezi zaka zoposa 40 zapitazo ndi zipangizo zosafika n'komwe pa foni ya lero. Ikani nthawi ya madzulo ana ataweruka, kenako muike pa intaneti pa mtengo umene mwana wa sukulu angakwanitse. Oonera sadzakhala a ku Malawi okha. Chinyanja chikumveka ku Chipata ndi ku Lusaka, ku Tete ndi ku Niassa, ndipo ife a kuno tidzalipira pa foni ndi EcoCash.