Chithunzi chikatuluka, bwanji timafunsa mtsikana yekha?

Sabata yatha m'gulu lathu la WhatsApp, la anthu amene tinaphunzira limodzi, munalowa chithunzi cha mtsikana wa ku yunivesite ali buno bwamuswe. Pasanathe mphindi khumi anthu anali atagamula kale mlandu. Wina akuti ana a masiku ano, wina akuti makolo akugulitsa mbuzi kuti alipire fizi iye ali pa uhule. Ena amene analowa mochedwa ankangoti "tiponyereniko ku inbox". Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti wachitulutsa ndani. Ndinatuluka m'gululo, koma nkhaniyi yakana kutuluka mumtima mwanga.

Chithunzi chimenechi anachitumiza kwa munthu mmodzi, amene ankamutcha wachikondi. Anthu ambiri amaganiza kuti mtsikana amatumiza chifukwa cha chilakolako. Ine atsikana amene ndacheza nawo, kuphatikizapo mng'ono wanga, amanena zina. Mnyamata amayamba ndi kupempha, kenako kunyanyala, kenako mawu aja akuti "ngati umandikondadi", ndipo pomaliza amakumbutsa kuti alipo ena amene sangakane. Mwana wa zaka 19, wachoka kumudzi koyamba, ali m'hositelo kapena m'kachipinda ka lendi kunja kwa kampasi, sadziwa aliyense, ndipo amene amamufunsa kuti wadya chiyani ndi mnyamata yekhayo. Amatumiza chifukwa akuopa kutsala yekha. Onjezani njala pamenepo: ndalama ya ngongole ya sukulu ikachedwa, munthu amene amaponya kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kumukana kumavuta, ndipo iyenso amadziwa zimenezo.

Nanga mnyamata amachitulutsiranji? Apa ndi pamene tiyenera kukhalitsa. Nthawi zina ndi mkwiyo, chibwenzi chatha ndipo akufuna kubwezera. Koma kawirikawiri palibe ndi mkwiyo womwe. Akufuna anzake amuone kuti ndi dolo. Chithunzi chomwecho chimene chimamupatsa mtsikana dzina la hule, iye chimamupatsa ulemu pakati pa anyamata anzake. Tinawalera choncho ife. Mwana wamwamuna akamasinthasintha zibwenzi timaseka kuti mphongo yakula, wamkazi akangoonedwa ndi mnyamata timaitana anamkungwi. Akafika ku koleji foni imangokuza zimene anaphunzira pakhonde.

Foniyonso ili ndi gawo lake. Mu 2004 katswiri wa zamaganizo wa ku America, John Suler, analemba za mmene anthu amatayira manyazi akakhala pa intaneti: suona nkhope ya amene ukumupweteka, yankho lake silibwera pompo, ndiye zonse zimaoneka ngati masewera. Mnyamata amene sangayerekeze kuvula mtsikana pamaso pa kalasi amachita zomwezo ndi chala chimodzi ali gone pabedi. Mtsikananso amene pamaso ndi pamaso akanati ayi, usiku wa 1 koloko ali yekha ndi foni zimamupepukira. Komanso mbali ya ubongo yoyeza zotsatira za zochita imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma 25. Ophunzira athu ambiri sanafike pamenepo. Izi sindikuzinena pochotsera mlandu wina aliyense. Wa zaka 20 amadziwa bwino lomwe kuti kufalitsa maliseche a mnzake ndi nkhanza.

Atsikana, view once ija imene WhatsApp inabweretsa mu 2021, yoti chithunzi chioneke kamodzi kokha n'kuzimiririka, isakunamizeni. Munthu amangotenga foni ina n'kujambula.

Koma malangizo akathera kwa atsikana basi, ndiye kuti tabwerera komwe kuja. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti, ndipo Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zokhudza kugonana. Ku polisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Chimene chimawaletsa atsikana kupita kumeneko ndi ifeyo. Amadziwa kuti funso loyamba lidzakhala lakuti unajambuliranji, ndipo bambo ake akamva mwina sukulu ithera pomwepo. Ndiye amakhala chete, ena mpaka kulipira ndalama kwa amene akuwaopseza kuti atulutsa zina.

Inu achimwene amene munalemba kuti "tiponyereniko", muli ndi mwana wamkazi ku sekondale, ndimamudziwa, amandipatsa moni mwaulemu. Zaka ziwiri zikubwerazi adzakhala pa kampasi ndi foni yake. Sindikukuopsezani, ndikukupemphani kuti chithunzi chija muchifufute ndipo amene anakutumizirani mumufunse kuti anachitenga kwa ndani.

Mtsikana uja ndamva kuti wasiya kulowa m'kalasi, ndipo mayeso ayandikira. Dzina lake, kosi yake ndi boma limene amachokera zonse zinalembedwa m'gulu muja. Dzina la mnyamatayo palibe analitchula.