Xfce pa laputopu zakale, koma musathamangire kukompaila

Anzanga okonza makompyuta ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, laputopu yakale ya RAM ya 2GB kapena 4GB muziikamo Xfce, osati GNOME (awiriwa ndi mapulogalamu a Linux opereka maonekedwe a desktop). Xfce ndi yopepuka ndipo sivutitsa purosesa, zomwe ndi zofunika kuno ku Chigwa cha Shire komwe kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala.

Debian ndi mtundu wa Linux; Debian 12 imabwera ndi Xfce 4.18, pamene Debian 13 ili ndi 4.20. Lembani sudo apt-get install xfce4 xfce4-goodies lightdm. Ndasankha apt-get dala: iyo imasunga mafayilo a .deb mu /var/cache/apt/archives, pamene apt imawafufuta ikamaliza. Akopereni pa flash kuti makina achiwiri asadyenso bandulo. Magetsi akathima ntchito ili mkati, sudo dpkg --configure -a imamalizitsa zomwe zatsala.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi kukompaila (kudzimangira nokha pulogalamu kuchokera ku source code yake) chilichonse chongoti chatuluka chatsopano. Yambani mwafufuza ndi apt search. Pulogalamu yokompaila nokha apt saidziwa, ndiye sidzaikonzanso ngakhale itapezeka ndi vuto la chitetezo. Udindowo umakhala wanu mpaka kalekale.

Ngati pulogalamuyo ikusowadi m'nkhokwe ya Debian, ikani kaye build-essential ndi pkg-config. Configure, yomwe imayamba kuona ngati zofunika pokompaila zilipo, ikaima n'kunena kuti siyapeza gtk+-3.0 kapena libxfce4ui-2, sikuti Xfce yawonongeka ayi. Zikusoweka ndi mafayilo otha ndi -dev, monga libgtk-3-dev ndi libxfce4ui-2-dev. Werengani mzere woyamba wa cholakwikacho, chifukwa enawo amangotsatira. Onaninso zomwe zili mufoda: mukapeza meson.build ndiye kuti pafunika meson ndi ninja, osati configure ndi make.

Pamene ambiri amakodwa ndi pa mapulagini a panel, kamzere ka pa sikirini komwe pamakhala menyu ndi wotchi. Configure mukaisiya yokha imaika zonse mu /usr/local, koma panel ya Debian ili mu /usr ndipo imafunafuna mapulagini komweko. Zonse zimaoneka kuti zatheka, koma pulaginiyo osapezeka pa mndandanda. Perekani kwa configure --prefix=/usr ndi --libdir=/usr/lib/x86_64-linux-gnu, mukatha kuika pulaginiyo lembani xfce4-panel -r kuti panel iyambenso. Mapulogalamu ena wamba asiyeni mu /usr/local momwemo, asasakanikirane ndi a apt. Foda yomwe mwakompailiramo musaitaye, popeza make uninstall imayenda kuchokera momwemo.

Nkhani ya kutentha ndikuinenetsa. Kukompaila kumagwiritsa ntchito purosesa ndi mphamvu zake zonse, ndipo laputopu yodzaza fumbi pa fani imangodzithimitsa yokha ili pakati. Gwiritsani make -j2, osati -j8; nambalayo ndi ya ntchito zomwe make imagwira nthawi imodzi. Ikani lm-sensors, muziona sensors pawindo lina; purosesa ikayandikira madigiri 90, dinani Ctrl+C, izizire kaye. Mukalembanso make imapitiriza pomwe inalekera. Mawu akuti Killed akaoneka, vuto si kutentha koma RAM yatha, ndiye onjezani swap (malo a pa disiki othandizira RAM) ya 2GB kapena bwererani pa -j1. Ntchitoyi muziigwira m'mamawa, laputopu ili pa tebulo, osati pa matiresi.