Tatopa nayo 24 yanuyo

Mkangano wa katswiri wamkazi woposa onse pa tenisi ukangobuka, wina amangoponya 24 ya Margaret Court, ati nkhani yatha. Yatha bwanji? Mwa zikho 24 zimenezo za Grand Slam (mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi ya chaka chilichonse), 11 anazitengera kwawo ku Australia, zambiri m'ma 1960, pomwe akatswiri ambiri a ku Ulaya ndi America sankadzivutitsa n'komwe ndi ulendo wautaliwo. Nanga Steffi Graf, amene mu 1988 anasesa zinayi zonse n'kuwonjezerapo golide wa Olimpiki? Martina Navratilova kutenga Wimbledon, umodzi mwa mipikisano inayiyo, ka 9, tizingoiwala? Serena Williams anatenga cha 23 mu 2017 ali woyembekezera, abale inu! Koma ayi, akuti waperewera chimodzi. Ofuula kwambiriwo tawafunsani kuti tie-break (gemu yolekanitsa osewera akafanana mphamvu) imatha pa mapointi angati, muwaona akuyamba kusisita foni.