Mwamuna wa Pulezidenti akhale pati? Za kwathu ndi za tsidya la Songwe

Imitsani munthu aliyense pa depoti ya Wenela mumufunse dzina la mkazi wa Bingu. Akuyankhani osaphethira, mwinanso n'kuwonjezerapo la malemu Ethel. Ndiye wolokani Songwe, mukafunse pa Kyela dzina la mwamuna wa Pulezidenti Samia Suluhu Hassan. Ndikhulupirira ambiri ayamba akanda kaye m'mutu. Bamboyo alipo, dzina lake ndi Hafidh Ameir, anakwatirana mu 1978 ndipo ali ndi ana anayi. Ntchito yake inali ya ulangizi wa zaulimi. Koma nkhope yake pa zochitika za boma imaoneka mwa apo ndi apo, moti mlendo atha kuganiza kuti mayiyu ndi wamasiye.

Malawi ndi Tanzania anapeza mtsogoleri wamkazi m'njira imodzi, njira ya maliro. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April 2012, Joyce Banda n'kulumbira pa 7. John Magufuli anamwalira pa 17 March 2021, Samia n'kulumbira pa 19. Amayi awiri onsewa anali achiwiri kwa Pulezidenti, ndipo palibe amene anakonzekera kuti ku nyumba ya boma kulowa mwamuna wopanda udindo. Funso linali limodzi koma mayankho anasiyana. Ife tinamuika poyera, anzathuwo anamusiya kuseri.

Vuto loyamba ndi la dzina. Mkazi wa Pulezidenti timamutcha mayi wa fuko, ndipo pakamwa sipalemera. Tayesani kunena kuti "bambo wa fuko". M'khutu mwa Mmalawi amene anakula akuvinira Ngwazi, ameneyo ndi Kamuzu, mwini dziko. Ku Tanzania n'chimodzimodzi, Baba wa Taifa ndi Julius Nyerere basi. Mawu oti mayi amalola munthu kukhala pambali pa mpando, koma oti bambo amamukhazika pampando penipenipo. Mpake kuti a Richard Banda, amuna awo a Joyce Banda, tinkangowatchula m'Chingerezi kuti First Gentleman, kapena kuzungulira kuti amuna awo a Pulezidenti. Dzina la umayi nalo silinatsale padera, eni ake analitenga: kuno Amayi, uko Mama Samia.

A Richard Banda sanali munthu woti n'kumubisa ngakhale wina akanafuna. Kwawo ndi ku Nkhata Bay, paunyamata anasewerera timu ya mpira ya dziko lino, anagwirapo ntchito zikuluzikulu za malamulo m'boma la Kamuzu, ndipo anakhala mkulu wa makhothi onse kuyambira 1992 mpaka 2002, nthawi imene dziko linkachoka ku chipani chimodzi. Atapuma kuno anakagwiranso udindo womwewo ku Swaziland, kumene lero tikuti Eswatini. Ndiye munthu wotereyu, amene maloya ankamuweramira, tinkamuona atakhala phee pambali pa mkazi wake pa msonkhano, kuwomba m'manja pamene ena akuwomba, kutsika ndege ali pambuyo. Amayi nawo sankatopa kumutchula ndi kumuyamikira pagulu. Anthu anali kudziwa bwino mbiri yawo, yoti anachoka pa banja loyamba lankhanza ali ndi ana atatu, choncho bambo wodekha uja pambali pawo anali mbali ya uthenga wawo wa ndale.

Chimene sanachite n'chimene chimandichititsa chidwi. Sitinamuone akuzungulira m'zipatala ndi mabulangete ndi mabeseni, atolankhani ali pambuyo. Sanatenge m'manja ntchito ija imene tinazolowera kuti ndi ya mkazi wa ku State House. Ndipo dziko silinagwe.

Tikumbukire kuti ntchitoyo inali itakula bwanji. Mama Cecilia Kadzamira sanali mkazi wa Kamuzu, koma anali ndi CCAM, Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, ndipo nduna zinkawaopa. Ethel Mutharika anali ndi bungwe la dzina lake. Callista atakwatiwa ndi Bingu mu 2010 anapatsidwa ntchito yolimbikitsa uchembere wabwino, imene inali m'manja mwa Joyce Banda ali wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo zitamveka kuti akulandirapo malipiro a boma anthu anakwiya, moti nkhaniyo inali pakati pa madandaulo a zionetsero za pa 20 July 2011. Ndi Callista yemweyo amene ananyoza mnzakeyo kuti ndi wogulitsa mandasi chabe, osadziwa kuti posakhalitsa wa mandasiyo akhala mwini nyumba. Gertrude Mutharika anabwera ndi Beautify Malawi Trust, Monica Chakwera ndi Shaping Our Future Foundation. Aliyense ndi bungwe lake, ndipo kawirikawiri bungwelo limafota tsiku limene banjalo lalongedza katundu. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 satchula ofesi ya mkazi wa Pulezidenti paliponse. Ndi chizolowezi chimene chinamera chokha ngati bonongwe pa khola.

Ku Tanzania mwambowu unali wozika mizu chimodzimodzi. Anna Mkapa anali ndi bungwe lake, Salma Kikwete anali ndi lake la WAMA, ndipo iyeyu atachoka ku Ikulu, nyumba ya boma ya kumeneko, analowa m'Nyumba ya Malamulo. Koma Samia atangolowa, mpandowo unangoti zii. Bungwe la akazi a atsogoleri a mu Africa, limene linayamba mu 2002 ndipo lero limatchedwa OAFLAD, dzina lake lomwe limanena za akazi, ndiye bambo akapita kumeneko akakhala mzere uti?

Apa ndi pamene ndimaona kuti ntchito imeneyi sinali ya "wokwatirana ndi Pulezidenti" ayi. Inali ya mkazi. Boma la amuna linkatenga nkhani za amayi oyembekezera, ana amasiye ndi atsikana osiya sukulu n'kuzikankhira ku khomo la kuseri, kwa madamu, kuti azipemphetsa kwa makampani ndi akazembe. Mkazi atakhala pampando, nkhanizo zinalowera khomo la kutsogolo. Joyce Banda anaika uchembere wabwino pansi pa ofesi ya Pulezidenti, n'kukokera mafumu kuti aziletsa kuchirira kwa azamba. Ena anadandaula kuti Amayi achulutsa kugawa chimanga ndi ng'ombe m'midzi m'malo mokhala mu ofesi, ndipo dandaulolo linali ndi mutu, maka nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013. Koma tinene zoona, ankasenza mitolo iwiri, wa Pulezidenti ndi wa mayi wa fuko, pamene amuna onse amene anakhalapo pampandowo ankasenza umodzi.

Kumpingo timazidziwa izi. Abusa akakhala aamuna, mayi busa amayembekezeka kutsogolera amayi a Mvano kapena Chigwirizano, kulandira alendo ku manse, kuyendera odwala, zonsezo popanda malipiro. Abusa akakhala aakazi, palibe amene amauza mwamuna wawo kuti Lachinayi mukatsogolere amayi. Amangomupatsa moni, iye n'kumapita ku ntchito yake.

Nanga n'chifukwa chiyani Atanzania anasankha kubisa? Ena amati ndi khalidwe la bamboyo, munthu wosakonda phokoso. Zitha kutero. Koma palinso mantha amene mtsogoleri wamkazi aliyense amakumana nawo, manong'onong'o oti amene akulamula kwenikweni ndi bambo kunyumba. Samia analowa m'nsapato za munthu amene ankatchedwa Bulldozer, m'chipani cha CCM mmene ambiri sankayembekeza kugwadira mayi wa ku Zanzibar wovala mpango kumutu. Mwamuna woonekera kwambiri akanangopereka nkhuni kwa omunyoza. Ku Zimbabwe tinaona mmene zimathera. Joice Mujuru anakhala wachiwiri kwa Pulezidenti kuyambira 2004, koma anthu sanaleke kunena kuti mphamvu zake ndi mwamuna wake, Solomon Mujuru, mkulu wakale wa asilikali. Bamboyo atafera m'moto pa famu yake ku Beatrice mu August 2011, panangopita zaka zitatu mayiyo n'kuchotsedwa, ndipo amene anatsogolera kumugwetsa anali mkazi wa Pulezidenti, Grace Mugabe.

Ngakhale zili choncho, ine ndimakonda njira yathu, ndipo chifukwa chake si ulemu kapena chikondi cha pabanja. Munthu amene amadya mbale imodzi ndi Pulezidenti ali ndi khutu lake usiku uliwonse, kaya timuone kaya tisamuone. Bola amene tikumuona. A Richard Banda tinkadziwa mbiri yawo, anzawo ndi kumene anagwira ntchito, moti mkazi wawo atasankha Anastasia Msosa kukhala mkulu wa makhothi mu 2013, mayi woyamba pa udindowo, aliyense wofuna kufunsa ngati bambo analankhulapo anali ndi poyambira. Kubisa mwamuna sikutanthauza kuti banja latalikirana ndi boma. Ku Tanzania komweko, chitatha chisankho cha magazi cha October 2025, mwana wamkazi wa Samia, Wanu Hafidh Ameir, anapatsidwa unduna waung'ono wa zamaphunziro, ndipo mwamuna wa mwanayo, Mohamed Mchengerwa, anakhala nduna ya zaumoyo. Bambo ali kuseri, koma dzina lake lili m'kabineti kudzera mwa mwana.

Tisadzitame msanga, chifukwa nafenso tili ndi zathu. Mng'ono wa Joyce Banda, Anjimile Oponyo, anakhala mlembi wamkulu mu unduna wa zamaphunziro mkulu wake ali pampando. Kwa ife a chikamwini izi siziyenera kudabwitsa. Pamudzi wa Achewa kapena Ayao, mfumu ikakhala yaikazi, mwamuna wake sakhala mfumu ndipo pabwalo la milandu alibe mawu. Ndi mkamwini, amalima, amamanga nkhokwe, koma za mbumba amazisiyira eni ake. Amene amalankhula ndi alongo, atsibweni ndi ana. Ndani mwa ife angatchule mwamuna wa Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana? Takhala tikuyang'anitsitsa mwamuna, pamene khomo lolowera chibale lili mbali ina.

Pali chimodzi chimene Atanzania anatiposa, ngakhale ambiri kumeneko sanachikonde. Salma Kikwete atadandaula m'Nyumba ya Malamulo kuti akazi a atsogoleri amagwira ntchito yaikulu koma amatuluka chimanjamanja, mu 2023 aphungu anavomereza lamulo lopereka ndalama za popuma kwa okwatirana ndi atsogoleri akuluakulu. Anthu analira kuti msonkho wawo ukupita kwa okhuta kale, ndipo sindiwatsutsa. Koma zinalembedwa, zinakambidwa poyera, ndipo wofuna kuzichotsa akudziwa tsamba loti ang'ambe. Kwathu kuno timangomva mphekesera za magalimoto, antchito ndi maulendo, osadziwa kuti zikuchokera thumba liti.

Namibia yatengera kufupi ndi njira yathu. Netumbo Nandi-Ndaitwah, amene analumbira pa 21 March 2025 atachita kuvoteredwa, mwamuna wake ndi Epaphras Denga Ndaitwah, yemwe anakhalapo mkulu wa asilikali onse a dzikolo, ndipo amaoneka pagulu ndi dzina lomwe lija la First Gentleman. Zambia sinayesedwebe, ngakhale yakhala ndi achiwiri aakazi awiri motsatizana, Inonge Wina kuyambira 2015 ndi Mutale Nalumango kuyambira 2021. Mayi Wina anali wamasiye, Mayi Nalumango amuna awo ndi bishopu.

Kuno nako, kuyambira October 2025 wachiwiri kwa Pulezidenti ndi Jane Ansah. Amuna awo nawonso ndi bishopu, ndipo kwawo ndi ku Ghana. Ameneyo ndiye mkamwini weniweni, wochokera kutali kuposa Nkhata Bay, ndipo dzina la Chichewa loti tidzamuitanire zinthu zitatembenuka sitinalipezebe.