Kodi nyimbo zakwanu zinakulakwirani chiyani?

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka koma zakanika, mtima ukuwawabe. Ndilemba basi, amene zimukhudze zimukhudze.

Tinali ku Rosettenville kuno ku Joni, kuseri kwa nyumba ina, kutsanzikana ndi mkulu wathu amene akubwerera kumudzi atakhala kuno zaka zoposa 20. Munthu msana unathera m'magadeni a eni ake, wati basi ndikapume kwathu. Tinasonkherana, tinagula nyama, azimayi anaphika nsima, wina anabwera ndi usipa umene wangotsika kumene m'basi. Sipika inali ya mwini nyumba, foni inali yanga, ndipo kuyambira masana ndinkaika za aliyense. Dzuwa litapendeka mkulu uja anandikodola. "Mphwanga, taikako za a Kachamba, zija za chitoliro." Ndinaika. Anadzuka pampando, botolo lili m'manja, n'kuyamba kuponda pang'onopang'ono maso atatsinzina. Nyimbo isanafike ndi pakati pomwe, zii. Pocheuka ndikuona kamnyamata kena, kobwera kuno chaka chathachi, kachotsa foni yanga pa Bluetooth n'kulumikiza yake. Akuti, "Madala, zakumudzi izi mutichititsa nazo manyazi. Kuno ndi ku Joni." Anzake n'kumaseka, wina n'kuwonjezera kuti tsobola wakale sawawa.

Mkulu uja anangobwerera pampando osanena kanthu. Phwando lake, tsiku lake lomaliza pakati pathu, nyimbo imodzi yokha imene anapempha, mwana wobadwa dzulodzuloli n'kumuthimitsira chifukwa cha manyazi. Manyazi ndi ndani? Geti linali lotseka, m'bwalomo tinali Amalawi okhaokha, tonse usipa uli mkamwa. Usipa sukuchititsa manyazi, nsima ya m'manja sikuchititsa manyazi, koma chitoliro cha kwanu ndiye chikuvula? Ine ndinangodziletsa chifukwa cha ulemu wa mwini nyumba, apo ayi foni ija ikanakalowa mu mbaula.

Musandimve molakwa ngati ndikudana ndi amapiano, nyimbo za achinyamata a kuno zimene kamnyamatako kanaika. Mufoni mwanga muli Kabza De Small, muli DJ Maphorisa, ndipo log drum ija ikagunda ine ndi imvi zangazi phewa limagwedezeka lokha. Ndinavina kwaito Mandoza ali pachimake, ena a inu musanaphunzire kupukuta mamina. Za ana akwathu a masiku ano ndimamveranso, a Namadingo, a Driemo, a Eli Njuchi. Nyimbo ija kamnyamatako kanaika ndi yabwino ndithu, ndipo kakanadikira mphindi zitatu ndikanaiika ndekha. Vuto langa ndi lakuti kuti ukonde nyimbo imodzi ukuona ngati uyenera kutukwana inzake, ndipo yotukwanidwayo nthawi zonse imakhala yakwanu. Sindinamvepo mmodzi wa inu akuti nyimbo yakale ya ku America ikumuchititsa manyazi. Zochititsa manyazi zimangokhala za ku Chileka, za ku Thyolo, za ku Balaka.

Ife khutu tinalilera mosiyana. Bambo anga anabwera kuno pa Wenela, kudzakumba golide, ndipo anabwerera kumudzi 1974 isanakwane, chaka chimene ndege inagwa ku Francistown n'kupha anthu akwathu ambiri, Kamuzu n'kuimitsa zopita kumigodi. Anafika ndi bulangete, sutikesi yachitsulo, njinga ndi gumbagumba, pamodzi ndi mbale zingapo zokutira mu nsalu ngati mazira. Munali Spokes Mashiyane, munali Mahlathini ndi Mahotella Queens, munalinso Jim Reeves. Inde, Jim Reeves, mzungu wa ku Texas, kulira pansi pa mtengo wa mango ku Thyolo, agogo anga osadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chingerezi n'kumagwedeza mutu. Mbale ikatha, wina ankatenga banjo yopanga yekha ya chigubu cha mafuta n'kupitiriza dansi. Palibe amene ankati banjo ikhale chete poti mwabwera nyimbo za ku Joni. Bambo anga, munthu woti anaiona Johannesburg ndi maso ake, anatsikira pansi pa nthaka yake, akamva Allan Namoko pa wailesi ankatitontholetsa tonse. Namoko, munthu wosaona wa kwathu ku Thyolo, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Iwe wakhala kuno miyezi khumi, Park Station ukusocherabe, ndiye ukhale wotsogola kuposa amene anakumba golide wa mzinda uno?

Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo inkatidyetsa zonse m'mbale imodzi. Pano Don Williams, kenako Franco wa ku Zaire, kenako Robert Fumulani, kenako kwaya. Makaseti atabwera tinkabweza tepi ndi cholembera kuti mabatire asathe msanga, mabatirewo n'kumawayanika padzuwa kuti akokereko tsiku lina. Pa shelefu imodzi pankakhala Kanda Bongo Man ndi kwasakwasa wake, Soul Brothers, Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka, Dolly Parton, Oliver Mtukudzi, Alleluya Band ya ku Balaka, kenako Evison Matafale amene anatisiya mu 2001 tikumufunabe. Chilingala sitinkachimva, Chizulu sitinkachimva, Chishona pang'ono chabe, koma tinkaimba nawo mawu athuathu opeka mpaka tepi kudukira m'kati, n'kuilumikiza ndi selotepi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma sindinaonepo ng'ona ikulavulira dziwe limene inaswedwera.

Tsono chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti kamnyamatako sikakudziwa n'komwe chimene kanathimitsa. Nyimbo ija kakuti yakumudzi ndi kwela. Kwela inabadwira kuno, m'makwalala a Johannesburg yemweyu, m'zaka za m'ma 1950, anyamata osauka akuliza zitoliro zotchipa zachitsulo m'makona a misewu kuti odutsa awaponyere kandalama. Ena amati dzinalo linachokera ku galimoto za apolisi zimene ankazitcha kwela-kwela, ndipo liwulo ndi lomwe lija lathu lakuti kwera. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald anaitola nyimboyi ali ana ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, n'kupita nayo kwawo kwa Singano ku Chileka. Kumeneko anaiphika mwawomwawo, gitala, chitoliro ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Eni ake kuno atayamba kuisiya n'kutsata zina, ku Chileka inali ikulirabe. Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba, ndipo patapita zaka zochepa anali akuimba ku Ulaya. Ndiye tangoganizani. Nyimbo yachoka ku Joni, yadutsa Salisbury, yakakhazikika ku Chileka, yakafika ku Ulaya, yabwerera ku Joni mufoni ya ine mphawi, ndiye mwana wina aime pa nthaka imene inabadwira n'kunena kuti ndi yakumudzi, isalire kuno. Wakumudzi ndani pamenepa? Umbuli wovala sikipa yodula ndi umbulibe.

Kwezani maso muone anzanu mumzinda uno. Kwerani takisi pa Noord kapena pa Bree m'mawa, dalaivala Mzulu akutsegulirani maskandi mpaka magalasi kunjenjemera, ndipo sakupepesani. Maskandi si nyimbo za kumudzi kodi? Msotho ali ndi famo yake ya akodiyoni ndi bulangete paphewa, dzuwa likuswa mtengo. Mtsonga akaika zake, azimayi amamanga xibelani n'kugwedeza chiuno pakati pa tauni. Pitani ku Yeoville Lamlungu, Akongo rumba ili m'mwamba, nsapato zosongoka, palibe akubisala. Mnaijeriya ndiye musanene. Mzimbabwe amaliza sungura ya Alick Macheso galimoto yonse kugwedera, ndipo Macheso yemweyo, amene mizu yake ndi ya kwathu, nyimbo zina amaimba m'Chichewa, Azimbabwe n'kumavina osachita manyazi. Chichewa chako akuvina ndi Mshona, mwini wake ukuchithawa. Aliyense kuno wanyamula ng'oma yakwawo pamutu. Ife tokha ndiye timaibisa kunsi kwa bedi ngati katundu wakuba.

Ku Rosettenville komweko n'kumene Lucky Dube anawomberedwa mu October 2007. Munthu uja anayamba ndi mbaqanga, m'Chizulu, kenako n'kutenga reggae ya ku Jamaica, ndipo sindinamve kuti anatukwanapo kumene anachokera. Ray Phiri wa Stimela, amene gitala yake ikumveka m'chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha mu 1986, bambo ake anali ochokera ku Malawi, ndipo dzina lakuti Phiri analinyamula mpaka kumanda mu 2017. Anthu amene anaimba pamaso pa dziko lonse sanachite manyazi. Manyazi akuchita ndi iwe wogona anthu asanu m'chipinda chimodzi ku Turffontein.

Ndipo chinyengo chanu ndimachidziwa. Agogo athu a Giddes Chalamanda akhala akuimba kuyambira makolo anu asanabadwe, ndipo ambiri a inu munkawaseka kuti ndi nkhalamba ya kagitala. Namadingo atakhala nawo pansi mu 2020 n'kujambula nawo, kenako nyimbo yawo ya Linny Hoo n'kufalikira pa TikTok, anthu a mayiko akutali akuvina, pamenepo ndiye nonse munatulukira, aliyense pa status, "ndife onyadira", timitima ndi mbendera. Munthu wapitirira zaka 90, nyimbo ndi yomwe ija munkaiseka, chasintha n'chakuti alendo aivomereza. Ndiye kuti inu nyimbo yakwanu imakoma pokhapokha mlendo ailawe kaye? Chimodzimodzi Lucius Banda. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, anadzajambulira kuno ku South Africa, ndipo anamwalirira kuno komwe mu June 2024. Sabata imeneyo aliyense anaika chithunzi cha Soldier, monga tinkamutchulira, aliyense analira pa Facebook. Lero ndiike nyimbo yake paphwando, ena mwa olira aja ndi amene athamangire kukasintha. Oimba athu mumawakonda akakhala m'bokosi.

Ena anditumizira kale mauthenga kuti madala musakwiye, ana amaopa kudziwika kuti ndi obwera. Mwina, ine 2008, chaka chimene obwera ankamenyedwa ndi kuthamangitsidwa, ndinali konkuno ndipo mantha ndikuwadziwa, koma mantha ndi ena, kunyoza n'kwina.

Wamantha amatsitsa voliyumu. Sathimitsira munthu wamkulu nyimbo pakati pa anthu n'kumaseka. Amene amachita zimenezo wadzida yekha, wada mayi ake amene anamubereka akumvera nyimbo zomwezo, wada mudzi umene akutumizako ndalama mwezi ndi mwezi. Ungasinthe kayankhulidwe, uziti "eish" ndi "sharp sharp" pa mawu atatu alionse, ungamete m'mbali n'kuboola khutu, koma tsiku limene zinthu zidzavute, basi imene udzakwere ndi yopita ku Mwanza kapena ku Dedza, ndipo m'basimo mudzalira nyimbo zomwe ukuzithimitsazi. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Iwe mphwanga, ngati ukuwerenga, ndipo ndikudziwa ukuwerenga poti umandiona pa gulu lija, mkulu uja akunyamuka Lachinayi. Ukudziwa kumene amakhala. Ine sindikufuna kupepesedwa.

Poti ndayamba kale, nanunso okonza mashowo a oimba akumudzi kuno mundimve. Inu ndi amene mukuthandizira kuti anawa azinyoza zakwawo. Pa positala mwalemba 6 koloko madzulo, pakhomo mwatidula R300, ife tafika ndi akazi athu titatchena. Woimba akutulukira 1 koloko usiku, wopanda bandi, wopanda ndi gitala lomwe, DJ wangobaya fulashi iye n'kumayasamula pamwamba pa mawu ake omwe. Nyimbo zinayi, theka la nthawi akungoti "manja m'mwamba, manja m'mwamba", kenako wapita. Masipika olira ngati chitini. Matakisi atha kalekale, kubwerera ku Randburg pa Uber ndalama ina yoposa ya pakhomo, mawa lake 6 koloko ndili pa ntchito. Ulendo wathawu mpaka magetsi anazima pakati pa nyimbo, jenereta mulibe mafuta, wokonza showo foni wathimitsa. R300 yanga ija ndikuifunabe.