Usiku wa m'tauni si wa buluu, a magetsi a masewero tamvani

Kanema wa sewero amene akuzungulira pa WhatsApp uja wandinyansa. Nkhani ikuchitikira pa depoti ya basi 10 koloko usiku, koma nsanja yonse aithira buluu mpaka kumapazi a owonerera. Mayi akulira mwana wake, nkhope yosaoneka, mano okha kung'anima. Ndani anakunamizani kuti usiku ndi buluu?

Tulukani panja mukaone. Usiku wa m'tauni uli ndi eni ake: getsi lililonse limachokera penapake. Lapamsewu limagwa kuchokera pamwamba, limajambula bwalo pansi, kenaka mdima mpaka pa pholo lina. Khomo la golosale limaponya kuwala koyera cham'mbali. Wa chipisi ali ndi kababu kake kamodzi pa chiwaya. Minibasi ikakhota, magetsi ake amasesa khoma n'kuzimiririka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imani pakona ya msewu mphindi 20, muwerenge komwe kuwala kukuchokera, basi pulani yanu yatha.

Getsi lakale la sodium lapamsewu ndi lofiirira ngati lalanje, pafupifupi 2000K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala: nambala ikachepa, kuwalako kumafiira). Nyali ya pansanja ya PAR 64, ya babu la 1000W, imatulutsa 3200K, ndiye kuti ifanane ndi lapamsewulo iphimbeni ndi gel (pulasitiki yosintha mtundu wa kuwala) ya kampani ya Lee, nambala 652, kapena 204 ngati ilipo ndi yomweyo. Ipachikeni pamwamba penipeni pa wosewera, isamwazike. Koma yokhayo imasandutsa maso kukhala maenje, choncho onjezani ina kutsogolo, yopendekeka madigiri 45, dimmer (chochepetsera kuwala) pa 30 kapena 40 peresenti, yongodzutsa nkhope. Kumbukirani kuti babu la tungsten, ngati la mu PAR, mukalitsitsa limafiira lokha, musaliwonjezerenso gel yofiira.

Khomo la shopu ndi getsi limodzi m'mbali mwa nsanja, kufika m'chifuwa, gel 201 yoyeretsa kuwala. Galimoto yodutsa ndi matochi awiri amphamvu m'manja mwa mnyamata kuseri, akuyenda pang'onopang'ono. Zatha. Pakati pa zonsezi siyanipo mdima, wosewera azilowamo n'kutulukamo. Mdimawo ndiye usikuwo. Mukaudzaza ndi buluu mwaupha.

Buluu wanu wodera uja wotchedwa Congo, gel ya Lee 181, amadutsitsa kuwala kosakwana 1 peresenti. Mukuwotcha mawati 1000 kuti mupeze chiyani? Ndipo pakhungu lakuda buluu wotere amafafaniza nkhope, munthu amangokhala ngati phulusa. Mukamufuna, mumuike kumbuyo, azingolemba mapewa ndi mutu. Mwina munaziona m'mafilimu. Nanga maso anu omwe munawabwereketsa?

Ndiye pali awa a ma LED otchipa, amangowasiya pa auto, kuphethira fiira, girini, pinki, maliro ali mkati ngati kwabwera DJ waukwati. Chingwe cha DMX chowongolera magetsiwo chili m'katoni momwemo, simunachimasule n'komwe.

Nanunso okonza masewero musaseke. Wa magetsi mumamuitana kwatsala ola limodzi, sanaoneko rihesalo ngakhale imodzi, n'kumupatsa soketi imodzi ndi ekisitenshoni yogula pamsika. Soketi ya 13A pa 230V imanyamula mawati osakwana 3000. Mwalumikizapo ma PAR anayi ndi zokuzira mawu, pulagi yasungunuka sewero lili pakati, mwayamba kutukwana kuti magetsi athima. Magetsi ake ati? Nyumba yoyandikana nayo akuyaka.