Mbande za pamsika ayi, fesani nokha

Ogasiti wafika, chisanu cha Juni ndi Julayi chayamba kutha mphamvu, ndipo m'misika mwadzaza kale timitolo ta mbande za repu, kabichi ndi matimati. Anthu akugula mosangalala kuti akabzale kuseri kwa nyumba. Maganizo anga ndi akuti ndalama imeneyo mugulire mbewu, mufese nokha.

Mbande ya pamsika simudziwa kuti inazulidwa liti. Yakhala padzuwa, mizu yaduka, mwinanso yabwera ndi nsabwe kapena matenda a m'dothi la kumene yachokera. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Tengeru yeniyeni, bwana", mutsutsa bwanji? Tengeru ndi mtundu wa matimati, koma matimati akakhala ndi masamba anayi amafanana onse. Mudzazindikira patatha miyezi iwiri, madzi anu ndi manyowa anu zitapita kale. Pomwe kapaketi kamodzi ka mbewu ya repu kamadzaza bedi lonse, yotsalayo n'kugawirako aneba.

Anthu amaopa nazale ngati ndi ntchito ya alangizi okha. Beseni lobowoka, thumba, ngakhale chigubu chodula pakati, zonsezi ndi nazale, bola pansi pakhale potulukira madzi. Dothi likhale lofewa, losakaniza ndi manyowa owola bwino. Ndikuti owola. Zitosi za nkhuku zongotola dzulo m'khola zimawotcha mbande. Lembani timizere ndi chala, mwazani mbewu motalikirana, kwirirani pang'ono chabe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kambewu kakang'ono ngati ka mpiru amakakwirira ngati akubzala chimanga, kenako n'kumanena kuti anawagulitsa mbewu yakufa. Phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, thirirani pamwamba pa udzuwo ndi keni kuti madzi asakokolole mbewu. Repu ndi mpiru sizichedwa, sabata isanathe mumaona timitu tobiriwira. Zikangomera chotsani udzu uja tsiku lomwelo, apo ayi mbande zimatalika mowonda, zoyezuka, zosalimba.

Madzi nawonso ali ndi malire. Mukaona mbande zikugwa zokha, tsinde litanyala pamene lakhudza dothi, vuto si kuchepa kwa madzi. Mwathirira mopitiriza kapena mwafesa mothithikana, ndiye zikuwola. Patulirani, musamve chisoni. Pakatha masabata anayi kapena asanu repu ndi matimati zakwana kuwokera, anyezi amafuna masabata ena awiri kapena atatu. Wokerani madzulo dzuwa litapepa, ndipo muzule mbande ndi dothi lake.

Chinanso chimene ndimasiyana ndi anzanga ambiri: woyamba kumene asathamangire matimati. Amafuna mitengo yomangirira, kuphata, mankhwala, ndipo kambozi ka Tuta absoluta kamatha kuwononga bedi lonse inu mukungoona. A ku Lizulu, Bembeke ndi Jenda amene amatidyetsa matimati ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, si yochita mutaweruka ku ofesi. Yambani ndi masamba. Repu, mpiru ndi tchainizi zimakonda kozizirirako, choncho fesani panopa kuti mudye lisanafike dzuwa la Okutobala, lomwe limabwera ndi nsabwe zambiri. Kukayamba kutentha mu Seputembala, ponyani bonongwe, therere ndi maungu a nkhwani, izi mungofesa pamalo pomwepo osadutsa ku nazale. Bonongwe timamupeputsa chifukwa amamera yekha kudzala, koma ndi amene amapirira nthawi imene repu wafota.

Za bilu ya madzi ndikudziwa kuti muzinena. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbatata musataye pabwalo, asungeni m'ndowa. A sopo wochapira ndi amchere okha ndiwo musathire pa mbande. Ndipo mukaphimba bedi ndi udzu kapena masamba ouma, chinyezi chimakhalitsa.

Mukafuna kusunga mbewu ya chaka chamawa, siyani mpiru kapena bonongwe wonenepa achite maluwa, njere zikauma musunge m'botolo lotseka bwino. Koma yang'anani pa paketi kaye. Ngati palembedwa F1, imeneyo ndi ya haibulidi, ana ake sadzafanana ndi kholo.

Ndipo musanafese chilichonse, mangani kampanda, kaya ka udzu kaya ka nsungwi. Nkhuku za aneba zimapalasa nazale yonse m'mawa umodzi, ndipo mwiniwake adzangoti si zake.